Mboni Yachitatu pa Tsiku la Ukwati

Lamulungu lina, Misa yachiwiri itatha ndipo anthu akumwazikana kulowera kwao, mnyamata ndi mtsikana adatsalira pakhonde la tchalitchi nandidikira kuti ndivule zovala za Misa. Ndinkawadziwa bwino, pakuti maina ao anali ataitanidwa kale kawiri pamaso pa mpingo, ndipo maphunziro ao a banja anali pafupi kutha. Ndidayesa kuti abwera ndi nkhani ya makalata a ubatizo. Koma mnyamata adapisa m'thumba natulutsa pepala lopinda kanayi limene adalandira kwa wojambula zithunzi wina wa ku Limbe.

Papepalapo panali mitengo itatu. Wotsika unali wa nthawi ya m'tchalitchi yokha. Wapakati unali woyambira pakhomo la tchalitchi kufikira anthu atatha kudya ndi kufupa. Wokwera unali wa tsiku lathunthu: ojambula awiri, kuyambira m'mbandakucha pamene mkwatibwi akukonzedwa tsitsi mpaka usiku, pamodzi ndi kanema, ndiponso kandege kaja kouluka popanda munthu m'kati, kamene achinyamata akukatcha droni.

"Bambo, tatsutsana sabata yathunthu," adatero mnyamatayo. "Ine ndikuti wotsikawu ukwanira. Awa akuti ukwati n'kamodzi, tsono tisasiye kanthu. Mutiweruze ndinu."

Ndidayamba kuseka, ndi kuwauza kuti ku seminale adatiphunzitsa zambiri koma za mitengo ya zithunzi ayi. Nditayang'ana mtsikanayo ndidaleka kuseka, chifukwa misozi inali italengeza m'maso mwake. Ndidawauza kuti abwerenso Lachitatu, Misa ya m'mawa ikatha. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndidasinkhasinkha m'masiku atatu amenewo, ndipo ndikuzilemba podziwa kuti mkangano wotere uli m'nyumba zambiri, ngakhale kuti sufika kwa wansembe.

Makolo anga ali ndi chithunzi chimodzi chokha cha ukwati wao. Bambo adavala jekete yobwereka, manja ake olekeza pamwamba pa mkono. Mayi sadamwetulire, poti masiku amenewo munthu ankaima pamaso pa kamera monga aimira pamaso pa mfumu. Wojambula ankayenda pa njinga, kamera ili pakhosi. Filimu imodzi inkatola zithunzi 24 kapena 36, ndipo iye sakadaithera pa ukwati umodzi, popeza mawa lake kunali ubatizo kwina ndi ana a sukulu ofuna zithunzi za mayeso. Filimu ikadzaza ankakwera basi kukaitsukitsa ku Blantyre. Anthu ankadikira mwezi, ndipo nthawi zina wojambula ankabwera chimanjamanja ndi mau awiri okha: "Pepani, zapsa." Motero funso lakuti titole zithunzi zingati silinkavuta munthu. Filimu ndi thumba ndizo zinkayankha.

Luso limeneli si lakale kwenikweni. Lidalengezedwa ku Paris m'chaka cha 1839, pamene njira ya Louis Daguerre idaululidwa kwa anthu onse. Mu 1888 George Eastman wa ku America adayamba kugulitsa kamera ya Kodak, yoti ndi munthu wosaphunzira ntchitoyo yemwe angathe kuigwiritsa. Mu 1975 Steven Sasson, wogwira ntchito pa kampani yomweyo, adapanga kamera yosalira filimu. Lero kamera yotero ili m'thumba la mwana wogulitsa nanazi pa Chitakale. Kutola chithunzi sikulinso ndi mtengo, ndipo chimene chinkatiletsa kale chidachoka. Malire amene filimu inkatiikira tiyenera tsopano kudziikira tokha, ndi nzeru ndi chikumbumtima. Apa ndipo nkhani ya malonda isandukira nkhani ya makhalidwe.

Tiyambe ndi kuchotsa ganizo lakuti chithunzi n'chachabe, kapena kuti munthu wopemphera sayenera kuchisamala. Ife Akatolika, amene anzathu ena amatinena kuti timapembedza mafano, sitingaganize chotero. Nkhondo ya zithunzi idamenyedwa kale mu Eklezia, ndipo Aepiskopi atasonkhana ku Nicaea m'chaka cha 787 adagamula kuti zithunzi zoyera zikhale m'matchalitchi ndi m'nyumba, chifukwa ulemu umene tipereka kwa chithunzi suthera pa thabwa kapena pa utoto, koma upitirira kwa mwini nkhopeyo. Maziko a chigamulocho ndi akuti Mulungu mwini, pokhala munthu, adatenga nkhope yoti anthu n'kuiona ndi kuikumbukira. Ngati tsono nkhope ya munthu ndi yolemekezeka chotere, kufuna kusunga nkhope ya amene umamkonda sikungakhale kupusa.

Phunziro limeneli ndinkalidziwa m'mutu, koma ndidalimvetsa mochedwa ndi mwamanyazi. Nditangodzozedwa kumene, pa malo ena amene ndinkatumikira ndisanabwere kuno kunsi kwa Chambe, ndinali waukali pa nkhani ya makamera. Pa ukwati wina wa anthu osauka, amene analibe ndalama zoitanira wojambula, ndidaona mnyamata wa kuchimuna atakweza foni yake, ndipo ndidaimitsa mwambo ndi kumdzudzula pamaso pa mpingo wonse. Adaitsitsa ali wera. Ndidapita kunyumba tsiku limenelo ndikudziyesa wolimbikira nyumba ya Mulungu.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwa pa dziko lino. Inu a kuno ku Mulanje ndi a ku Phalombe simufuna wokuuzani. Akuluakulu amene adaona za mu 1991 adati Napolo wadutsanso. Anthu oposa 1,000 adatisiya m'dziko muno, kuwerengera pamodzi ndi amene matupi ao sadapezeke. Mwa iwo munali mkwati wa tsiku lija. Nyumba idapita ndi zonse za m'kati mwake. Patapita miyezi, mkazi wake adandifunafuna ali ndi mwana wa zaka zitatu, napempha kuti tikatsegule buku la maukwati, kuti mwanayo akadzakula adzaone ngakhale dzina lokha limene bambo wake adalemba ndi dzanja lake. Tidalitsegula. Kenaka adandionetsa foni ya mlamu wake. Munali chithunzi chimodzi, chopendekeka, chosaoneka bwino, chimene mnyamata uja adatola ndisanamkalipire. Nkhope ya malemuyo ili m'menemo basi, pansi pano palibenso pena. Mayiyo sadandikumbutse za ukali wanga, mwina adaiwala. Ine sindidaiwale.

Chotero sindingauze banja liri lonse kuti zithunzi zilibe ntchito. Funso ndi lakuti ntchito yake ndi yotani, pakuti tikaidziwa ntchitoyo tidziwanso muyeso wake.

Nanga chimene chimamanga ukwati n'chiyani? Si wansembe, si mphete, si velo. Ndi kuvomerezana kwa anthu awiri, mwaufulu, pamaso pa Mulungu. Buku la malamulo a Eklezia la m'chaka cha 1983 likuphunzitsa zomwezo, ndipo mu Eklezia wathu wa Chilatini mkwati ndi mkwatibwi ndiwo amapatsana sakramentili. Wansembe amangolandira lonjezo lao m'dzina la mpingo nalidalitsa. Koma lonjezo ndi mau, ndipo mau amauluka. N'chifukwa chake Msonkhano wa ku Trent mu 1563 udalamula kuti ukwati uzichitika pamaso pa wansembe ndi mboni ziwiri kapena zitatu, ndi kuti uzilembedwa m'buku. Makolo athu adaidziwa nzeru imeneyi asanamve za Trent. Pa chinkhoswe, pamene a kuchimuna ndi a kuchikazi asinthana tambala ndi msoti, sachita zimenezi m'chipinda. Ankhoswe alipo kuti tsiku la mkangano pakhale munthu wonena kuti: ndinalipo, ndidamva, mudalonjeza.

Ine ndiyesa kuti malo a chithunzi ndi amenewa. Chithunzi ndi mboni yachitatu. Chidzalankhula ankhoswe atamwalira, kwa ana amene pa tsikulo kunalibe. Ndipo nthawi zina chimalankhula kwa eni ake omwe, usiku wa mkwiyo, mwamuna atamanga kale katundu wake, maso ake n'kugwera pakhoma. Koma mboni ili ndi khalidwe lake. Imaima pambali, imaona zimene zikuchitika, sisintha kanthu, ndipo siyendetsa mlandu. Ikayamba kuuza anthu zoti anene, yasiya umboni. Paja akulu adati ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule.

Chilankhulo chathu chili ndi mau abwino pa nkhaniyi. Timati kutola chithunzi. Munthu amatola chinthu chimene chilipo kale, monga atola mango ogwa okha kapena nkhuni m'nkhalango. Koma pa maukwati ambiri a masiku ano zithunzi sizitoledwa, zimapangidwa. Ndidaonapo wojambula akuimitsa mdipiti pakhomo la tchalitchi, kwaya ikuimba, kuti mkwatibwi abwerere mapazi asanu alowenso. Ndidapemphedwapo kuti ndilole mkwati avule mphete imene wangoveka mkazi wake, amvekenso, chifukwa poyamba dzanja langa lidatchinga. Ndipo chimene chimandiwawa kopambana ndi ichi: pa mphindi ya lonjezo, pamene munthu akupereka moyo wake wonse kwa mnzake, maso ake ali pa galasi la kamera. Mphete yovekedwa kachiwiri imatuluka bwino pa pepala, koma chithunzicho chikuchitira umboni chinthu chimene sichidachitike pa nthawiyo. Malemu Papa Francis, polankhula kwa anthu ku Roma pa 8 Novembala 2017, adadandaula kuti pa Misa amaona mafoni ambiri ali m'mwamba, ena a ansembe ndi Aepiskopi omwe, nakumbutsa kuti Misa si chionetsero. Sindibweza zimene ndavomera pamwambapa. Ndidalakwa pochititsa manyazi mnyamata uja. Koma foni imodzi yokwezedwa mwakachetechete ndi gulu la ojambula lozungulira guwa ndi nyale zao si chinthu chimodzi.

Mtima wofuna kugwira nthawi yokoma kuti isapite ndi wakale. Petro Woyera, ataona Ambuye akuwala paphiri paja, adaganiza zomanga misasa itatu kuti zinthu zikhale momwemo, ndipo Mthenga Wabwino ukutiuza kuti sankadziwa chimene ankanena. Mtambo udawaphimba, ndipo adayenera kutsika. Tsiku la ukwati nalonso silimangidwa msasa. Amene afuna kusunga mphindi iri yonse amapezeka kuti sadakhalemo m'mphindi ndi imodzi yomwe.

Tsono pali nkhani ya ndalama, imene sitingailumphe. Kuyambira pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, banja liri lonse kuno likudziwa kulemera kwa thumba la feteleza. Kwa mnyamata uja, amene amakhomakhoma mipando ndi zitseko, kusiyana kwa mtengo wapakati ndi wokwera kunali kokwana malata a chipinda chimodzi. Ndikudziwa mabanja amene adalowa m'nyumba yao yatsopano ali ndi ngongole ya ku banki m'khonde, ena ya katapila, ndipo mkangano wao woyamba unali wa ndani adafuna zimenezi. Papa yemwe uja, m'kalata yake yonena za chikondi m'banja, Amoris Laetitia, ya m'chaka cha 2016, adachenjeza achinyamata kuti zokonzekera za zovala ndi madyerero zimatha kudya chuma, mphamvu ndi chimwemwe chomwe, kotero kuti anthu amafika pa guwa ali otopa kale. Tidzifunse moona: zithunzi mazanamazana zija n'za yani? Zambiri zimayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook masiku awiri, anthu n'kuyamikira, Loweruka lotsatira n'kubwera ukwati wina. Sizitsukidwa. Zimakhala m'foni mpaka foniyo itabedwa pa msika kapena itagwera m'chidebe cha madzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe ndisamalize mlandu ndisanamve mbali ya mtsikana, chifukwa ife amuna, makamaka ife ansembe, timafulumira kutcha chikhumbo cha mkazi kuti n'kunyada. Mtsikana ameneyu wathyola tiyi zaka zinayi, dengu liri kumsana, mame akumnyowetsa mpaka m'chiuno. Alendo ochokera kutali amaima pamsewu kutola minda yobiriwirayo ndi phiri kumbuyo kwake, ndipo iye amalowa m'zithunzi zao ngati kadontho kopanda dzina. Kodi n'kulakwa kuti afune tsiku limodzi loti kamera iyang'ane iye, imdziwe dzina, imuone kuti ndi wokongola? Ku Betaniya, pamene Maria adathira mafuta a mtengo wapatali pa mapazi a Ambuye, amene adawerengera mtengo wake anali Yudasi. Ndipo ku Kana Ambuye sadauze eni ukwati kuti madzi akwanira. Chikondwerero chili ndi ufulu wake, ndipo kuumira si chimodzi mwa mphatso za Mzimu Woyera. Mnyamata amene pa sabata yoyamba yomwe aonetsa mkazi wake kuti chimwemwe chake n'chodula kwambiri wayamba ndi phazi loipa, ngakhale masamu ake akhale olondola.

Wojambula nayenso ndi wantchito, ali ndi ana. Amene mwapangana naye maola anayi musamgwire mpaka usiku ndi mau okoma, musamchedwetsere malipiro, ndipo nthawi ya chakudya mumuikire mbale. Ndikunena izi chifukwa ndidaonapo wina akumwa madzi okha kuseri kwa holo.

Lachitatu adabwera. Sindidawasankhire mtengo. Ndidawapatsa pepala loyera, ndi kuti: "Achimwene, achemwali, lembani apa maina a anthu amene mufuna kuti ana anu adzaone nkhope zao zaka 30 zikubwerazi." Adayamba mwamanyazi, kenaka cholembera chidathamanga. Agogo a mtsikana, amene adamlera mayi ake atamwalira. Malume a mnyamata, amene adamphunzitsa kugwira sowo. Ankhoswe a mbali zonse. Katekisiti wokalamba amene adawaphunzitsa onse awiri za Ukaristia woyamba. Nditawafunsa za amayi a mu mphakati, amene adzagona pa moto usiku wonse kuphika thobwa ndi mpunga, adayang'anana, chifukwa pa maukwati athu anthu amenewa saoneka m'chithunzi ndi chimodzi chomwe. Adawalemba.

Kenaka ndidafunsa kuti anthu onsewa adzakhala pamodzi nthawi yanji. Yankho linali poyera: kuyambira pa Misa kufikira pa chakudya. M'mbandakucha agogo adzakhala asanafike. Usiku adzakhala atapita kukagona. Ndipo mwambo uja wafala tsopano, wakuti Misa ikatha akwati akwere galimoto ndi anzao ochepa kupita ku Likhubula kapena m'minda ya tiyi kukajambulitsa maola awiri atatu, umasiya anthu omwewa ali padzuwa ndi njala, akudikira. Zithunzi zotuluka kumeneko n'zokongola ndithu, koma mulibe ndi mmodzi yemwe wa pa mndandanda uja.

Ndidawapempha chinthu chimodzi chokha cha kwa ine: kuti pa ndalama zotsala apatule zotsukitsira zithunzi 20 pa pepala, zina zikakhale kwao kwa mwamuna, zina kwao kwa mkazi, zina kwa mbale amene ali kutali ndi mitsinje yotsika m'phirimu. Ndidawauza chifukwa chake, osatchula dzina la mayi uja.

Adasankha mtengo wapakati. Mtsikana adasiya droni popanda kudandaula, koma chimodzi adachikakamira: chithunzi cha iye ndi mwamuna wake, awiriwiri, Chambe yense ali kumbuyo kwao, pabwalo la tchalitchi pomwepo. Adati adabadwira pansi pa thanthwe limenelo, ndipo afuna likhalepo. Mnyamata adavomera msanga, ndipo ndidaona kuti adakondwa kupeza chinthu choti avomere. Ndidalankhulanso ndi wojambula, munthu waulemu, tidagwirizana pamene adzaime ndi kuti pa nthawi ya lonjezo sadzasuntha.

Ukwati udachitika mu Julayi. Kudacha ndi chiperoni, nkhungu itatsika mpaka m'midzi, kamvula kakuwaza. Potuluka m'tchalitchi phiri silinkaoneka ndi pang'ono pomwe. Tidadikira pang'ono, wojambula akuyang'ana kumwamba, mpaka mkwatibwi mwini adati anthu akuzizidwa, atole momwemo. Masabata atatu atapita adandibweretsera kuti ndione. Kumbuyo kwao kuli mbuu, ngati nsalu yoyera. Kumanzere, m'mphepete mwenimweni, mudalowa agogo aja, amene wojambula adawapempha kawiri kuti asendere koma sadamve. Awerama, chitenje chili kumutu, anyamula mpendero wa velo kuti lisakhudze matope.